Nyali Zatsopano za a Fote

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anthu amawadziwa ndi dzina loti a Fote. Dzinali linabwera chifukwa galimoto iliyonse imene iwo agwira siidutsa liwiro la fote, kaya msewu usalale bwanji, kaya m'mbuyo mulire mahutala angati. Ndi munthu wamantha chibadwire. Amaopa agalu, amaopa mphenzi, amaopanso achemwali anga, ndipo pa chachitatuchi sindingawanene. Koma mantha omwewo ndi amene anawasunga pachiwongolero zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku.

Ntchito yawo inali yonyamula antchito a pafakitale ina yosoka zovala. Minibasi ya kampani inkagona kunyumba kwawo, ndipo folo koloko m'mawa, kunja kudakali bii, ankayamba kutola anthu khumi ndi anayi m'misewu kuti faifi ikamakwana akhale ali pageti. Ana awo atatu analeredwa ndi chiwongolero chimenecho, ndipo wotsiriza anali asanamalize sukulu.

Ine ndimakonza magetsi a galimoto. Galaja yanga ndi chipinda chimodzi chachitali, chopanda zenera, cha chitseko chachitsulo ndi khoma loyera kumapeto. Khomalo ndimalisamala kuposa la kuchipinda chogona, chifukwa ndi pamene ndimayezera nyali.

Chaka chatha a Fote anayamba kubwera pafupipafupi. Ulendo woyamba anati nyali zafooka, ine ndinasintha mababu. Patatha milungu itatu anabweranso, ndipo ndinapukuta magalasi a nyalizo, omwe anali atachita chikasu, mpaka anawala ngati atsopano. Ulendo wachitatu ndinayeza batire ndi mawaya onse osapeza vuto. Apo ndiye ndinapsa mtima.

"Alamu, kodi mukufuna ndikumangirireni dzuwa pabampala?"

Anaseka pang'ono, akupotokola chipewa m'manja. "Ayi alamu, kungoti msewu uja wada masiku ano. Ndamva kuti kwabwera nyali zina, za diso ngati la ng'ombe. Abwana avomera kuti muike."

Ankanena mapulojekita. Ndinawapezera awiri, koma ndinayamba ndaika imodzi kumanzere n'kusiya yakale kumanja, kuti aone okha kusiyana kwake, asadzanene kuti ndinawakakamiza. Ndinaimitsa minibasi mapazi khumi kuchokera pakhoma, n'kulemba mzere wa choko pa msinkhu wa nyali, n'kutseka chitseko. Kenako ndinkaphimba nyali imodzi ndi chiguduli, ina ikuyaka.

Nyali yakale, yomwe galimoto imabwera nayo, ndi babu wokhala m'mbale yonyezimira, ndipo mbaleyo imangomwaza kuwala kutsogolo. Pakhoma pankaoneka ngati munthu wakhuthulirapo beseni la madzi: pakati powala, m'mbali mofooka, madontho ena mpaka kudenga. Pulojekita ili ndi galasi lozungulira lokhuthala kutsogolo kwa babu, ndi kachitsulo m'kati kodula kuwala. Iyo inajambula mzere wowongoka ngati wodulidwa ndi lumo. Pansi pa mzerewo panali mbee, pamwamba pake mdima.

"Yatsopanoyi siithobwa anzanu obwera kutsogolo, ndipo phula muziliona bwino," ndinawauza. "Koma mukakhala pa dimu, chinthu chokhala pamwamba pa mzerewu chimabisala. Yakaleyi ndi yosalongosoka, komabe imakuonetsaniko mitu ya anthu."

Iwo anayandikira khoma mpaka kuligwira ndi dzanja. "Eya, iyi ndiye nyali. Ikani zonse ziwiri."

Patapita milungu iwiri anafika masana, osapereka ndi moni womwe. Anakhala pa tayala lakale pafupi ndi chitseko. Ndinawapatsa madzi, theka lake linathera pamalaya. Atapeza mpweya anandiuza zimene zinachitika m'mawa umenewo. Lole ina inafera pamsewu, mbali ina ili paphula, itanyamula mapaipi achitsulo otulukira kumbuyo, popanda nsalu yofiira kapena chizindikiro chilichonse. Iwo anaponda mabuleki mochedwa. Mapaipiwo anaima chikhato chimodzi kuchokera pagalasi lakutsogolo, molunjika nkhope ya mayi wina wodula nsalu amene amakhala pampando wakutsogolo chifukwa ndi woyembekezera.

"Ndinangoona matayala, alamu," anatero. "Matayala okhaokha. Zitsulo zija ndaziona galimoto itaima kale."

Ndinadziwa kuti ngati mzere uja ndinautsitsa kwambiri, ndiye kuti ndine amene ndikanapha mayi uja ndi mwana wake, ndi sikuludilaiva yanga yomweyi. Ndinalowetsa minibasi, n'kuwerenga mapazi khumi kawiri, n'kutseka chitseko. Mzere unali pamalo pake, zala ziwiri pansi pa choko. Ndinayezanso, unali pomwepo. Koma khoma si msewu, ndipo mtima sunakhale pansi. Ndinawauza kuti mawa lake ndikwera nawo.

Folo koloko inandipeza pampando wakutsogolo. Mayi wodula nsalu uja sanabwere tsiku limenelo. Enawo ankakwera mmodzimmodzi, n'kupereka moni, n'kutsamira pazenera kupitiriza tulo. Bambo wina wokonza makina anandigwira paphewa asanagone. "Amagetsi, musadabwe. Ndi a Fote ife timagona ngati tili kwathu."

Nyali zinkagwira ntchito bwino, moti ndikanatha kuwerenga timiyala ta paphula. Ndinayamba kupuma bwino. Kenako, patali ndithu, ndinaona munthu wa njinga atanyamula thumba lalikulu pakaliyala, akuyenda m'mphepete mwa mbali yathu. Anali m'kuwala kwenikweni, pansi pa mzere, thumba lake loyera likuoneka bwinobwino. Ndinadikira kuti a Fote ampatuke. Sanatembenuze chiwongolero. Ndinadikirabe, poti munthu wa zaka makumi atatu pamsewu sumamuphunzitsa ntchito. Thumba lija linakula mpaka ndinaona chingwe chomangira.

"Alamu, njinga!"

Anakhotetsa mwadzidzidzi, galasi lam'mbali n'kudutsa pafupi ndi chigongono cha munthuyo. Kumbuyo wina anang'ung'udza m'tulo, basi. Ine ndinagwira chogwirira cha pachitseko ndipo sindinachisiyenso.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuyang'ana msewu, ndinkayang'ana iwo. Milomo yawo inkagwedera ngati munthu wopemphera, koma nditatchera khutu ndinamva kuti akuwerenga. Akafika pa nambala ina ankachepetsa liwiro, ndipo hampu inkabweradi. Galimoto ina ikamabwera kutsogolo ankaweramitsa mutu, misozi ikutsika, n'kumayenda choncho mpaka idutse. Pamalo ena anakhota mosamala kuzemba dzenje, ine n'kuyang'ana pansi: dzenjelo anali atalikwirira kale, phula lake latsopano likuoneka lakuda bii. Ankazemba dzenje la mwezi watha.

Ndakwerapo galimoto za anyamata oledzera, ndakwerapo lole yopanda mabuleki, koma sindinachitepo mantha ngati amene ndinachita pa fote m'mawa umenewo. Ndinkafuna kukuwa kuti aime, koma ndinkaopa kuti ndikawadzidzimutsa asokoneza kuwerenga kwawo, ndipo kuwerengako ndi kumene kunanyamula anthu khumi ndi atatu ogona kumbuyo. Ndinangoyamba kunena motsitsa mawu chilichonse chimene ndaona. Munthu kumanzere. Galu. Ngolo. Iwo ankangoti, "Eya, eya," ngati anaziona kale.

Tinafika pageti kukuyera. Anthu atatsika n'kuthokoza, ndinawauza kuti andiyang'ane. Anakana kaye, kenako anatembenuka. Pakati pa diso lililonse panali kamtambo kotuwa ngati dontho la mkaka m'madzi. Miyezi yonseyi ndinkasuzumira m'nyali za minibasi, osayang'anapo m'maso mwa woiyendetsa ngakhale kamodzi. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka ukali.

"Zayamba liti?"

"Chaka chachiwiri chino," anayankha akuyang'ana chiwongolero. "Masana ndimaona ndithu. Koma kukada, magetsi a anzanga amandiphulikira m'maso. Musade nkhawa alamu, msewu uwu ndimaudziwa pamtima."

"Wa njinga uja mumamudziwanso pamtima?"

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, ozizira ngati sipanala ya m'mawa. "Chonde alamu, musawauze achemwali anu. Abwana akamva, ndatha. Ndani angalembe ntchito dalaivala wa zaka zanga? Mwana uja watsala ndi chaka chimodzi chokha. Ingondiikirani mababu amphamvu kuposa awa, chaka chimodzi basi."

Ndinawauza kuti babu woteroyo kulibe, ndipo akanakhalapo sindikanamuika. Ndinati tipite kuchipatala cha maso tsiku lomwelo, ndipo madokotala akanena kuti ali bwino, ine nditseka pakamwa mpaka kalekale. Ndinkayembekezera kuti akana, koma anafunsa kuti chipatala chiti. Nditatchula, nkhope yawo inamasuka. Anati n'komwe kampani imawatumiza chaka chilichonse kukayezetsa, ndipo sanalepherepo.

Tinadikira pabenchi mpaka masana. Namwino anawakhazika pampando, n'kuwauza kuti aphimbe diso limodzi ndi chikhato, awerenge zilembo za pachikwangwani chopachikidwa kukhoma. A Fote anawongola msana n'kuyamba. Anawerenga mokweza, mosadodoma, mzere woyamba, wachiwiri, mpaka tizilembo tating'onoting'ono ta pansi penipeni timene ine ndemwe ndinkachita kutsinzinira. Kwa kanthawi ndinasangalala, ndinaganiza kuti mwina ndawalakwira. Kenako ndinatsatira ndi maso zimene ankatchulazo. Panalibe chilembo ngakhale chimodzi chogwirizana ndi za pakhoma.

Namwino anaika cholembera pansi. Anayang'ana ine, kenako iwo, n'kulankhula mofatsa.

"Bambo, chikwangwani chimene mukuwerengacho tinachichotsa miyezi inayi yapitayo. Ichi ndi china."

A Fote sanachotse chikhato pa diso, anakhala choncho, msana uli chiwongokere, chipewa chili pabondo. Patapita kanthawi anatembenukira kumene ankaganiza kuti ndaima, ngakhale ndinali nditasuntha pang'ono.

"Alamu," anatero, "nanga mawa folo koloko, anthu aja akawatenga ndani?"