Msana wa Bambo Ake

Dokotala anandionetsa ndi zala kukula kwa pamene adzacheke: kabowo kongolowa chala chimodzi. Anati adzalowetsapo kapaipi, n'kuchotsa kachidutswa kamene kankafinya mtsempha kumunsi kwa msana wanga. Ululuwo ndinali nawo kuyambira ndili ku koleji, ndipo tsopano unali utakwera mpaka m'khosi. Ndinaseka. Ine mantha akandigwira ndimaseka, awanso ndi matenda anga ena.

"Koma kwa milungu ingapo musadzanyamule cholemera," anatero.

"Ngakhale mwana?"

"Makamaka mwanayo."

Kuseka kunathera pomwepo. Mwana wanga, kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda, sankagona pena paliponse koma kumsana kwanga, m'chitenje. Kangolo kokankha tinali nako, koma ukamuikamo ankakuwa ngati muli linthumbu. Pamene basi inkafika ku Clondalkin, kuno kunja kumene timakhala, n'kuti nditagamula kale: opaleshoni ayi, ndipirira mpaka adzayambe sukulu.

Bambo ake a mwanayo ndinawapeza atangoweruka kumene amasamalira okalamba, yunifolomu isanavulidwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi a mwana, kodi m'nyumba muno msana ndi umodzi?"

Anatenga chitenje changa cha mapeyala obiriwira pampando. Kunena zoona, choyamba chimene ndinachita si kuthokoza ayi. Ndinaimbira amayi anga ku Dedza pa vidiyo kuti aone nawo malodzawo.

"Iwe," anatero amayi, nkhope itadzaza foni yonse, "bambowa wawadyetsa khuzumule?"

"Ndadya ndekha, amayi," anayankha bambo ake, atawerama, mwana akuwakoka makutu.

Anamanga mbali zonse ziwiri kunsi kwa khwapa. Ataweramuka, chitenje chinatsetsereka mpaka m'chiuno, mwana n'kulendewera ngati thumba la mbatata, ine ndikumuwakha m'matako, foni ili m'dzanja linalo. "No, Daddy," anatero mwini wakeyo, amene amamva Chichewa koma kuyankha amayankha m'Chingerezi.

Amayi anayesa kukhala chete, koma kuona ntchito ikuwonongeka sanathe.

"Pachifuwa panupo palibe choti chigwire nsalu, bambo. Mbali inayo idutse paphewa. Kokani. Kokaninso, si dzira limenelo. Ndiye musangoima ngati mtengo wa magetsi, dzigwedezeni."

Anayamba kudzigwedeza, munthu wamtali uja, mfundo ili pachifuwa, maso ali kudenga ngati ali mu kwaya. Ine ndinagwira khomo la firiji, misozi ili chuchuchu, ndipo kuseka kulikonse kunkandilasa m'chiuno mpaka kuphazi. Mwana sanasiye kulira. Bambo ake anavala nsapato, anafunditsa mwana jekete, n'kutuluka naye m'kamvula kowaza.

Ndinawasuzumira pawindo akuzungulira kabwalo ka udzu pakati pa nyumba zathu. Mayi wina wachikulire woyenda ndi galu anaima n'kuwayang'ana, iwo anangomukwezera dzanja. Kenako anakhota, sindinawaonenso, ndipo mtima unayamba zake: mfundo ikamasuka? Akaterereka? Mwana akandiiwala?

Anabwera akuyenda monyang'ama. Anatembenuka kuti ndione. Kamutu kanali katagwera mbali imodzi, kukamwa kuli yasa, dovu likunyowetsa yunifolomu. Kansanje kanandibaya pang'ono, sindibisa, koma kanagonja ndi chimwemwe chimene chinandifikira ngati chizungulire.

"Ndimutsitsa bwanji?" ananong'ona.

"Satsitsidwa. Mukhala choncho mpaka adzuke yekha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti m'pamene anadziwa kumene msana wanga unathera.

Ndinadula foni ya amayi, amene n'kuti akuitana kale aneba kuti adzaone, n'kuimba kuchipatala. Kapaipi kaja ndinkakaopabe, ndipo ndimakaopa mpaka lero ndikakakumbukira. Mayi wolandira mafoni anandifunsa kawiri ngati ndili bwino, poti ndinkangoseka.

"Ndili bwino," ndinatero. "Mundilembe. Wonyamula mwana wapezeka."