Bulangete la Zigamba Limene Anasiya

Mkazi wanga atamwalira, abale ake anabwera kwathu ku Matero kudzagawana zovala zake monga mwa mwambo. Thumba la zidutswa za zitenje analisiya, poyesa kuti ndi zinyalala. M'thumbamo munali bulangete la zigamba limene mkazi wangayo anasoka theka.

Ndinaganiza zolimaliza kuzizira kwa Juni kusanafike. Ndikachoka kutchalitchi ndinkakhala pakhonde ndi singano, maso akuwawa, ulusi ukukana kulowa. Msoko wake unali wowongoka, wanga wokhotakhota, choncho ndinkamasula n'kuyambiranso mpaka msana kuuma.

Mng'ono wake atandiona anati, "Ba mulamu, pelekani kuli telala, muvutika chabe."

Sindinafune manja achilendo pa ntchito yake. Ndinangoleka kumasula. Juni anandipeza nditalifunda, mbali yake kumutu, yanga yokhotayo kumapazi.