Khosi la chikho

Ndikukumbukira amene analipo tsiku lija lothyola zikho kwathu ku Magaleta: amayi, malume a Jailosi, mlongo wanga Esinati amene ukwati wake unali pafupi, ndi ine, kamnyamata kosavala nsapato.

Amayi anali atabzala zikho patsinde pa mango kuti ziyange, zilendewere. Ankafuna zotungira thobwa paukwati wa Esinati, zamakosi aatali zofika pansi pa mtsuko. Ine kuziona zikulendewera choncho, chifundo chinandigwira. Ndinadula timphanda n'kuchirikiza chilichonse kuti chipume.

Tsiku lothyola, amayi anakankha masamba. Zikho zonse zinali zonenepa, makosi aafupi, okhota. Malume anaseka mpaka kukhosomola, Esinati n'kulira. Amayi sanandimenye ayi. Anangoti, "Nthaka imakoka, mwanawe. Kukokako ndiye kumawongola khosi. Wazilanda kulemera, taona." Paukwatipo tinatungira zobwereka.

Mawu amenewo ndinawagwira, mwinanso ndinawagwiritsitsa. Nditabereka Fanuwelo, ndinkamusenzetsa matumba a kachewere kutsika nawo mapiri athuwa, asanamere ndi ndevu zomwe. Akadandaula msana ndinkakuwa kuti katundu ndiye amawongola mwamuna. Mawu anga mukuwadziwa, amamveka kutsidya.

Chaka chatha, nditapita kukacheza kwa Fanuwelo, tili pagulu, mdzukulu wanga Tamanda, mwana wa Fanuweloyo, anabwera ndi za kusukulu. Akuti kumwamba kuli maiko ena kumene nthaka sikoka kwambiri, ndipo kukanakhala zamoyo, bwenzi zili zazitali, miyendo yowonda ngati bango. Akutinso anthu opita m'mlengalenga amatalikako pang'ono, msana ukamasuka, koma mafupa amafooka.

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma ndinamenya ndodo pansi. "Zimenezo ndinazidziwa kale! Popanda kulemera chinthu chimapindika. Funsa bambo akowa amene anawawongola!" Ndinafotokoza za zikho zonse, mokweza, anthu n'kumaseka.

Fanuwelo sanaseke. Anadzuka pampando monga amadzukira masiku ano, dzanja lili m'chiuno, pang'onopang'ono, ngati nkhalamba ndi iyeyo osati ine. Ndakhala ndikumuona akudzuka choncho zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndiye ndinamuona.

Pondiperekeza anadikira tipitirire nyumba za anthu. Kenako anati, motsitsa:

"Bambo, agogo sananame. Koma chikho chija chimanyamula thupi lake lokha basi. Palibe amene amachimangirira thumba."