Liwu Limodzi M'kalata ya Adalaivala

Zaka zimene yunivesite inkakula, Mzuzu yense akununkha simenti, ine ndinali taipisiti mu ofesi ina ya boma. Anandisamutsa kuchokera ku Dowa, ndipo ndinkakhala ku Katawa.

Tinali ndi adalaivala athu, bambo achikulire a ku Chibanja, amene anayendetsa galimoto ya ofesi zaka zambiri osagundapo ngakhale nkhuku. Atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, anamva kuti kampani ina yomanga nyumba zogona ophunzira ikufuna dalaivala wa lole. Anapempha abwana kalata yowachitira umboni.

Abwanawo anadzera ku seminale asanalowe m'boma, ndipo Chingerezi chawo ankachinyadira ngati mendulo. Analemba pamanja n'kundipatsa kuti nditaipe. Pakati pa kalatayo panali mawu akuti: "He is notorious in this office."

Ndinaima. Liwu lakuti notorious ndinkaliona m'nyuzipepala, nthawi zonse pa nkhani za mbava. Ndinatsegula dikishonale ya m'kabati, ndipo zinalidi choncho: munthu wotchuka ndi zoipa.

Ndinakagogoda. "Pepani bwana, liwu ili likukhala ngati likuwanyoza adalaivala. Bwanji tiikepo lina?"

Anavula magalasi. "Mayi, sukulu munalekeza pati?"

"Fomu folo, bwana."

"Ndiye tcherani khutu. Liwuli linachokera ku Chilatini, notus, kutanthauza wodziwika. Ine Chilatini ndinachiphunzira. Inu tinakulembani ntchito ya zala, osati ya mutu. Kataipeni."

Chimene chimandiwawa n'chakuti za kumene liwulo linachokera sankanama. Ndinadzafufuza pambuyo pake: kalekale linkangotanthauza wodziwika basi. Koma mawu amasintha khalidwe. Wolandira kalata safunsa za makolo a liwu, amangomva zimene likunena lero.

Ndinataipa, ndi zala zanga zomwezi. Anasaina, ndinadinda chidindo n'kumata envelopu. Adalaivala anailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza m'chiyankhulo cha kwawo. "Yewo chomene, amama."

Patatha sabata anandipeza ndili ndekha mu ofesi. Anakhala pa benchi, chipewa chili pa bondo.

"Amama, tandithandizani. Ku kampani kuja wina wandifunsa kuti, mdala, ndiye kuti ndinu notorious? Ine ndati yes sir, chomene. Onse aseka, wina mpaka misozi. Kenaka akundifunsa ngati ndimaba dizilo. Kasi m'kalata muja munali vichi?"

Ndinawauza zonse, ndi zoti ine ndinkadziwa ndisanataipe. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwina mtima ukanapepukako. Iwo anangopukusa mutu. "Zaka zonsezi," anatero, n'kutuluka kukatsuka galimoto.

Ndinalowa kwa abwana osagogoda. Ndinatsitsa dikishonale pamwamba pa mafayilo awo, chala chili pa liwulo.

"Werengani, bwana. Munthu wasekedwa ngati wakuba chifukwa cha liwu lanuli."

Anawerenga, ndinawaona ndithu maso akuyenda pa mzerewo kawiri. Kenaka anatseka bukulo. "Iyi ndi dikishonale ya ana a sukulu. Ngati anthu a kampaniyo sadziwa Chingerezi, si mlandu wanga."

"Lembani ina basi. Pa ntchitoyo mpaka pano sanalembepo munthu."

"Ofesi imodzi itulutse makalata awiri otsutsana? Tioneka ngati sitidziwa chimene tikuchita. Ndipo tsiku lina muzigogoda."

Sindinagonje. Ndinataipa ndekha kalata ina, yaifupi, yonena kuti bambowa ndi okhulupirika ndipo sanachitepo ngozi. Ndinaiika pamwamba penipeni pa makalata oyembekeza kusainidwa. Inakhala mu ofesi ya abwana masiku atatu. Itatuluka inalibe siginecha, koma abwana anali atawonjezera kachizindikiro kopumira ndi bolopeni yofiira pa mzere wachiwiri.

Ntchito ija inapita kwa wina. Adalaivala anapuma mwezi wotsatira, ndipo pa mwambo wotsazikana abwana omwewo ndi amene anayankhula, mphindi zambirimbiri, m'Chingerezi. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinapinda manja anga mpaka abwanawo anakhala pansi.