Dzanja la Anachisale Patsaya

Fungo la masikono a tirigu akupsa pansi pa lata la makala limandibwezera kwa Dambe, kuseri kwa nyumba yathu, kumene Anachisale ankaphika atagwada, utsi ukuwatulutsa misozi, pakamwa posaleka kulalatira nkhuku, mphepo ndi ana a eni. Sanali agogo anga, tinangoyandikana nyumba. Komabe ankandikwapula ngati mdzukulu wawo, ndipo ankandidyetsanso chimodzimodzi.

Anali mayi wamatama, tisabise. Alendo a mpingo akabwera, kaya abusa kaya a kwaya, wophika anali iwo basi, ndipo mayi wina akayerekeza kuvundukula poto wawo ankalandira mawu oti akasimbe kwawo.

Chaka chimene ndinali Sitandade 5 kunabwera madokotala a mano, Akhristu a kutsidya kwa nyanja, pamodzi ndi owamasulira a ku Blantyre. Tchalitchi chathu chinasanduka chipatala: mabenchi anakankhidwira kukhoma, mpando wopendekeka anauika patsogolo pa guwa, jenereta ikulira panja, fungo la mankhwala litalowa mpaka m'mabuku a nyimbo. Anthu ankafika mame asanakamuke, ena atamanga nsalu kuchibwano, ndipo ntchito inkayamba ndi nyimbo ndi pemphero.

Ine dzino langa linali lobooka, koma poopa jakisoni ndinakabisala m'munda wa mbatatesi. Anandipeza ndi Anachisale. Anandikoka khutu mpaka pakhomo pa tchalitchi, akundiuza njira yonse kuti mlendo ndi mame, akapita ndidzalira ndekha. Dzinolo linazulidwa, ndipo madzulo anandipatsa phala lozizira akundiseka kuti ndalira kuposa mbuzi.

Chonsecho iwo eni anali ndi lawo, lachitsakano, limene linkawasautsa chikololereni. Mudzi wonse unkadziwa. Ankaikapo mchere ndi fodya wopera, ndipo pokanda ufa ankaima kaye, n'kugwira tsaya. Mayi anga atawauza kuti asiye mapoto akakhale pamzere, anawayang'ana ngati atukwanidwa.

"Inu Anaphiri, munthu ndamupatsa mbale m'manja mwake, ndiye ndikamuyasamulire m'kamwa mowola? Mawa adzadya bwanji chakudya changa? Adye kaye amalize. Tsiku lotsanzika ndidzapita ndekha."

Mayi anati akanong'oneza womasulira. Anachisale anawalumbirira kuti akatero asadzapondenso pabwalo pawo. Abusa nawo anangoseka, nati Loweruka, tsiku lomaliza, mayiwo adzakhala oyamba pampando. Tonse tinkaopa pakamwa pawo, ndiye nkhani inathera pomwepo.

Loweruka lija alendo silinawapeze kwathu. Lachinayi masana mitambo inada kumapiri, ndipo dalaivala ananenetsa kuti mvula ikangogwa, galimoto sitsika msewu wathu uja. Lachisanu m'mawa mpando unapindidwa, jenereta inakwezedwa. Anachisale anakulunga masikono a kamba m'nsalu yawo yatsopano, anaima ndi alendowo pojambulitsa, anabayibitsa mpaka galimoto inabisika. Pobwerera anauza mayi kuti palibe kanthu, anthu a Mulungu adzabweranso.

Pofika Khirisimasi tsaya linali litatupa mpaka kukhosi, ndipo pakamwa paja, pamene panatilamulira zaka zonsezo, sipankatseguka kokwanira supuni. Kuseri kwa nyumba kunati zii, nkhuku zinkalowa m'khitchini mwawo popanda wozikalipira. Amuna anawanyamula pamachira kupita kuchipatala chaching'ono, kumeneko anawatumiza ku Boma, koma matope anachedwetsa ulendo. Madokotala anati mafinya anali atalowa kale m'magazi. Tinawaika m'manda chimanga chisanamasule.

Alendo aja anabweradi chaka chotsatira, nthawi ino m'chilimwe. Dokotala wamkazi, yemwe anandizula dzino lija, anatsika galimoto ali ndi chithunzi m'manja, akufunsa agogo a masikono. Womasulira anafotokoza kuti chinzake anachipachika kutchalitchi kwawo, ndipo anthu kumeneko amawakonda mayi wamanyaziyu. Mayi anga anaseka mpaka kusekako kunasanduka kulira. Anachisale manyazi! Pachithunzipo aliyense akumwetulira mano ali mbee, iwo okha atseka pakamwa, dzanja lili patsaya.

Dokotalayo atamva zonse anakhala pansi pakhonde la tchalitchi nthawi yaitali. Kenako anafunsa, womasulira n'kutibwerezera motsitsa mawu: "Ndinadya chakudya chawo sabata yonse. Kodi panalibe ndi mmodzi yemwe woti andiuze?" Abusa anayang'ana nsapato zawo.

Chithunzicho chili kwa ine, pakhoma la nyumba yanga ku Neno Boma. Pena ndimawakwiyira Anachisale mpaka lero, poti mwambi wa mame ankaudziwa bwino, anangougwiritsa pa khutu langa. Koma kawirikawiri ndimangomva chisoni kuti ulemu wathu unawalekerera. Tsopano wophikira alendo kumpingo kwathu ndine, ndipo a zaumoyo akabwera, kaya a mano kaya a maso, moto sindiyatsa mpaka amayi onse akukhitchini ataonedwa. Amadandaula kuti alendo amwa tiyi mochedwa, amanditcha wovuta. Ndimawayankha kuti tiyi wochedwa sanaikitsepo munthu m'manda, kenako ndimawakoka dzanja mpaka pampando.