Ulusi wa M'kati mwa Bowa

Mayi Bernadette a ku Namitete anakulira m'bowa. Mvula ikangogwa, iwo uyo ku chulu, dengu pamutu. Koma anali ndi kakhalidwe kawo: bowa aliyense amene azula ankayamba amung'amba kaye. Utale umang'ambika bwinobwino motsata phesi, chipindi chimangonyenyeka, kamchikuni wa pazipika amakokana nawe, ndipo wouma wa pachitsa uja, ayi ndithu, mpaka mpeni.

"Muli ulusi umu," ankatero mayiwo. "Wina ngwofewa, wina ngwolimba."

Amuna awo, bambo Fabiano, ankangoseka. "Ulusi m'ndiwo? Kodi mwayamba utelala, amayi?"

Kenako maso anayamba kuchita chidima. Lamanzere linafa, ndipo kuchipatala anawauza mosabisa kuti lamanja nalo likutsatira. Zinawawawa kwambiri. Moyo wonse ulusiwo ankangoumva ndi zala, tsono khungu lidzawapeze asanauone?

Mwana wawo Febe ankayeza magazi pa chipatala cha mishoni. Tsiku lina atamaliza ntchito anawatenga, atanyamula utale ndi chibenthu cha wa pachitsa. Anapala kachidutswa ka utale, n'kukaika pagalasi, n'kuwakhazika pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka.

"Ikani diso apa, amayi."

"Mdima wokhawokha, mwanawe."

Febe anawonjezera kuwala, n'kupotoza kachitsulo pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi mayiwo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Mayo ine! Febe! Ulipodi!"

Unalipo ndithu: tiulusi topyapyala, toyera, togona motsatana, tokhala ndi mfundo ngati nzimbe. Febe anaika wa pachitsa uja. Umo ndiye munali zina: ulusi wonenepa wowongoka, ndi wina wanthambinthambi wokulunga unzake kuti usamasuke. Anawafotokozera kuti akatswiri amasiyanitsa magulu a bowa poona zomwezi, wa ulusi wa mtundu umodzi, wa iwiri, wa itatu.

Mayiwo sankamvanso zimenezo. Misozi inali chuchuchu, ndipo ankaipukuta msangamsanga ndi nsonga ya chitenje kuti isawatsekere.

"Anthu inu! Zoluka bwino chonchi n'kumamera pachitsa chowola, ife n'kumangodutsa?"

"Diso litopa, amayi. Tiyeni tizipita, tidzabweranso."

Mayi Bernadette sanadzutse mutu.

"Iwe udzabweranso, mwanawe. Ine ndisiye ndione."