Mkazi Wamng'ono wa Agogo

Ndikakumbukira agogo aGama, ndimamva fungo la palafini amene ankatsukira makina awo otayipira, losakanikirana ndi la fodya wouma m'chigafa kuseri kwa nyumba yathu ku Malomo, ndiponso phokoso lija la tcha-tcha-tcha limene linkabalalitsa nkhuku pakhonde. Anali mlembi wa mabuku. Buku lawo lina, lonena za mkulu wampingo wokonda akazi a eni, linawadulitsa mumpingo, koma lomwelo linkabweretsa anthu a wailesi pagalimoto kuchokera ku Lilongwe kudzacheza nawo.

Adzukulu aakazi tinalipo awiri, ine ndi msuweni wanga Esinati. Monga achitira agogo aamuna, ankatitchula akazi awo: ine wamkulu, Esinati wamng'ono. Maso awo atayamba kuchita ng'ala, anafuna wowawerengera mokweza zimene atayipa. Sindinakayike kuti ndine. Kusukulu ndinkakhala nambala wani, pomwe Esinati powerenga ankachita ngati ngolo yodutsa m'miyala. Anatiyesa tonse tsiku limodzi, n'kusankha Esinati.

Nsanje ya pamitala ndinaidziwa ndisanathe n'komwe msinkhu. Masana aliwonse ndinkatonola chimanga chapafupi, khutu lili tcheru, ndikumva mnzangayo akudodoma, agogo n'kumati, "Ima pomwepo, mkazi wanga," kenaka n'kukhwatcha ndi pensulo. Mtima unkandiwawa moti zitsononkho ndinkaziponyera dala kumapazi kwake. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Agogo, ine ndinakulakwirani chiyani? Uyutu ngakhale dzina lake amalemba mokhota."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi wamkulu, iwe umawerenga bwino mopitirira. Ndikalemba zopotoka umaziwongola ndi pakamwa, ine osadziwa. Mnzakoyu akapunthwa, ndimadziwa kuti ndasiya chitsa panjira."

M'mawa mwake Esinati atapita kuchigayo, ndinatenga pepala n'kuyamba kuwawerengera ndikudodoma dala. Sindinamalize ndime.

"Bodza limenelo," anatero osanditembenukira. "Ukupunthwa pamene ndasesa. Ine anandidula mumpingo chifukwa chokana kunamizira, ndiye iwe uyambire pakhonde panga?"

Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe, ndipo kwa sabata yathunthu madzi awo osamba sindinawatenthetse. Iwo ankangouza aliyense wodutsa kuti mayi wamkulu wanyanyala.

Buku limene ankalembalo linatuluka iwo atatisiya kale. Patsamba loyamba pali dzina limodzi lokha, ndipo si langa.

Lero ndine mphunzitsi wa Chichewa, bukulo ndimawerengera ana asukulu osaphonya liwu. Esinati amagulitsa mbatata ku Mvera, ndipo amandiuza akuseka kuti sanalimalize n'komwe. Timakondana, sindikana. Koma mwana akakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Madamu, Esinati wa patsamba loyambayu ndani?" ndimapunthwa poyankha. M'buku lonselo, pamenepo pokha ndi pamene ndimadodoma, ndipo sindichitira dala.